Musawauze nkhani kaye, aimvere okha nyimboyo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeka nyimbo ya zida zinayi, fuluti, kilarineti, chelo ndi piyano, ya mphindi pafupifupi 8, yofotokoza za mtsikana yemwe akuchoka kwawo usiku, kusochera panjira kenako kubwerera nkupeza zinthu zasintha, ndipo aliyense amene mwamumveretsa akungoti ndi yabwino kwambiri basi, pomwe inuyo mumtima mukudziwa kuti pena pake sipali bwino koma simukupaloza. Nde mukufunsa kuti mungapeze bwanji ndemanga zenizeni musanaipereke kwa aphunzitsi kumapeto kwa teremu.

Ndiyambe ndikukufunsani, musanaiyatse nyimboyo mumayamba mwawauza nkhani yake eti? Ngati ndi choncho vuto layambira pomwepo. Munthu ukamuuza kuti apa mtsikana wasochera, iye amamvadi kusochera olo pakhale pakulira manoti wamba, khutu limangotsata zomwe pakamwa panu panena kale. Ndiye akamati yabwino akuyamikira nkhani yanu, nyimboyo sanaiyeze nkomwe.

Chitani izi. Pezani anthu atatu kapena anayi omwe sakudziwa kanthu za nyimboyi, ena odziwa manoti ena osadziwa, ndipo osadziwawo musawaderere chifukwa ndi amene amanena chilungamo msanga. Musawauze mutu, musawauze za mtsikana uja. Apatseni pepala ndi cholembera, aziyang'ana nthawi pa foni, alembe miniti ndi sekondi pomwe maganizo awo anachoka nkuyamba kuganiza zina, pomwe anamva kuti china chake chasintha, ndi pomwe ankaona ngati nyimbo yatha koma nkupitirira. Ikatha muwapemphe ayimbe ndi pakamwa kachuni kalikonse komwe kawatsalira m'mutu. Akalephera onse, ndiye kuti chuni ya mtsikanayo sinagwire, ndipo ngati sinagwire pachiyambi palibe amene adzaizindikire ikadzabwera itasintha kumapeto, pomwe nkhani yanu yonse yatsamira pakubwerera kumeneko. Mukatero ndi pomwe muwauze nkhani nkuwayatsiranso kachiwiri. Malo omwe iwo analemba kuti apa pasintha akagwirizana ndi malo omwe nkhani yanu ikukhota, muli panjira. Akasiyana mwapeza pogwira ntchito.

Chifukwa chake nchoti zida zopanda mawu sizingathe kunena kuti mtsikana anafika pamphambano nkulowera kumanzere. Zomwe zingathe ndikutenga chinthu chomwe khutu lachizolowera nkuchisintha, kuchifulumizitsa, kuchidula pakati, kuchipatsa chida china, kuchitsitsa pansi. Wopeka nyimbo Smetana mu 1876 analemba quartet yake yoyamba, nyimbo ya zida zinayi za zingwe, yofotokoza moyo wake, ndipo chakumapeto nyimbo ikuthamanga mwansangala imangoduka, vayolini yoyamba nkuliza noti ya E yapamwamba kwambiri yotalika. Kumeneko kunali kulira kwa m'makutu komwe ankamva pomwe amagontha, anagontha mu 1874. Koma munthu woti mbiri imeneyi sakuidziwa amadzidzimukabe pamalopo, amamva kuti china chake chasweka. Ndi muyezo umene ndingakonde muyike pa nyimbo yanu, kuti wodziwa nkhani apindule kawiri koma wosadziwa asabwerere chimanjamanja. Wopeka nyimbo wina, Schoenberg, naye mu 1899 anatenga ndakatulo ya Richard Dehmel nkulemba nyimbo ya zida zisanu ndi chimodzi za zingwe, imayamba mu D minor nkukathera mu D major, ndipo ulendo wochoka mumdima kukafika poyera umamveka ngakhale ndakatuloyo usanaiwerenge.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono ndi ya kompyuta. Ndikukhulupirira kuti zomwe mukumveretsa anthu ndi zomwe pulogalamu yolembera manoti, MuseScore kapena Sibelius, ikuliza. Sizolakwika poyambira, koma kompyuta siipuma, siitopa, ilibe zala, ndipo imapangitsa zida zonse kumveka mofanana mphamvu. Fuluti m'manoti apansi, pafupi ndi C wapakati, imakhala yofewa kwambiri moti piyano ikangoliza ma chord odzaza, manoti angapo nthawi imodzi, pamalo omwewo fulutiyo imasowa, pomwe pa kompyuta imamveka bwinobwino. Woliza fuluti ndi kilarineti amafuna popumira, mukamulembera mzere wautali pang'onopang'ono wopanda mpata adzapumabe koma pamalo pomwe inu simukufuna. Kilarineti ya B flat imamveka toni imodzi pansi pa zomwe zalembedwa ndiye onetsetsani kuti part yake, pepala la manoti ake okha, yalembedwa mokweza toni imodzi, apo ayi mphindi khumi zoyamba za pulakatisi zithera pomwepo. Chelo simatsika kupyola C wake wapansi, ndipo manoti awiri nthawi imodzi ena amatheka ena dzanja silifika. Zonsezi palibe mnzanu womvera pa mahedifoni amene angakuuzeni, angakuuzeni ndi munthu wogwira chidacho.

Ndiye pemphani anzanu oliza zida, olo musawapeze onse anayi tsiku limodzi, mmodzimmodzi zimathandizabe. Apatseni ma part masiku angapo tsikulo lisanafike, okhala ndi manambala a ma bar, timagawo tija togawidwa ndi mizere yoimirira, ndi zilembo A, B, C zoyambirapo, ndipo muone kuti potembenuza tsamba pali mpata woti dzanja lichoke pachida. Tsikulo ikani foni ijambule zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zokambirana, chifukwa mtima ukamagunda zambiri simudzazikumbukira. Ndipo musalankhule kwambiri. Akaliza mosiyana ndi mmene mumafunira musathamangire kufotokoza ndi pakamwa, dzifunseni kuti papepala pakusowa chiyani chomwe chikanawauza okha, poti tsiku lina nyimboyi idzayimbidwa inu kulibe. Ine nthawi ina woliza chelo anaima pakati nkundifunsa kuti kodi apa ndikutsogolera ndine kapena ndikuperekeza, ndipo funso limenelo linandithandiza kuposa zoyamikira zonse zomwe ndinalandira pa nyimbo imeneyo, linandionetsa kuti malo omwe ine ndinkawatenga ngati pachimake pa nkhani panalibe chida chomwe chinapatsidwa udindo wolankhula.

Chinanso choti muwafunse oyimbawo, kodi pali pomwe akuona kuti akungoliza pofuna kudzaza malo? Ophunzira ambiri timaopa kusiya chida chili chete, zinayi zonse zimangolira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, nde khutu limatopa ndipo nkhani imafwifwa chifukwa paliponse pakumveka mofanana. Onani quartet ya wopeka nyimbo Messiaen yomwe inayimbidwa koyamba pa 15 January 1941 mumsasa wa akaidi ankhondo ku Görlitz, ya kilarineti, vayolini, chelo ndi piyano. Ili ndi zigawo 8 koma zida zonse zinayi zimalira pamodzi m'zigawo 4 zokha, chigawo chachitatu ndi kilarineti yokhayokha. Inuyo muli ndi mtsikana wosochera usiku ali yekha, mwina pamenepo pakungofunika chida chimodzi basi, zina zidikire, kuti zikadzalowanso womvera adzamve kuti wafika kwa anthu. Sindikunena kuti mutero, ndikungoti muyese mumve.

Pakalandiridwe ka ndemanga pali chinthu chimodzi chomwe ndimachigwiritsitsa. Anthu akamanena pomwe pakuwawa nthawi zambiri amalondola, koma akamanena mankhwala ake nthawi zambiri amaphonya. Wina akati apa mufulumizitse, musafulumizitse kaye, mufunseni kuti wamva bwanji pamenepo. Akati ndinatopa, bwererani m'mbuyo chifukwa gwero lake kawirikawiri limakhala lisanafike malowo. Pachimake pa bar 90 pakhoza kumveka popanda mphamvu chifukwa pa bar 40 munakuwa kale fortissimo, mokweza kwambiri, ndipo simunasiye kokwerera. Kapena pakati pakuoneka potalika chifukwa kiyi sinasunthe kwa mphindi ziwiri zathunthu. Munthu mmodzi akadandaula malo, lembani nkusunga. Atatu osauzana akaloza malo amodzi, pamenepo palidi kanthu ngakhale atapereka zifukwa zosiyana. Ndipo zina mudzazikana, muli ndi ufulu umenewo, bola muthe kunena chifukwa chake ndi zomwe zili m'nyimbomo osati kungoti nkhani ikufuna choncho.

Kwa aphunzitsi musapite ndi funso loti kodi ili bwanji, mudzalandira yankho lotambalala lomwelo. Pitani ndi mafunso awiri kapena atatu akuthwa, monga kuti chuni ya pachiyambi ikabwerera pa chelo kumapeto kodi ikuzindikirika, kapena kuti kuchoka pa gawo la usiku kulowa gawo lobwerera kodi sikwadzidzidzi kwambiri. Muwaonetsenso mapepala aja a nthawi omwe anzanu analemba, aphunzitsi amathandiza bwino akaona pomwe makutu ena akhumudwira kale. Ndipo musadikire kuti ithe kaye ndi pomwe muwaonetse, nyimbo ikatha mtima umauma, kuchotsa ma bar 20 kumawawa ngati kudula chala.

Mukalandira zonsezi musatsegule score, manoti a nyimbo yonse, usiku womwewo. Gonani tsiku limodzi kapena awiri, kenako sungani kope yakale padera ndi deti lake, nkusintha chinthu chimodzi chachikulu nthawi imodzi, kaye kapangidwe ka nyimbo yonse ndi kutalika kwa zigawo, za ma dynamic, kukweza ndi kutsitsa mawu, ndi tizizindikiro tina pambuyo. Mukasintha zonse pakamodzi simudzadziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga.

Ine nkhani ya mtsikanayo ndaidziwa kale poti mwailemba mufunso lanu, ndiye pa kuyesa koyamba kuja sindingakuthandizeni, pezani ena omwe sanawerenge. Koma ngati mungatumize score ya PDF yokhala ndi manambala a ma bar pamodzi ndi audio yake, ndiyang'ana mbali ya fuluti ndi piyano makamaka pomwe zikulira limodzi m'munsi, komanso malo omwe chuni ija ikubwerera.