Malamulo ati a nkhondo za Napoleon pa tebulo lodyera?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa m'bale wina wokhala ku Leeds, ku England, amene akufuna kuyamba masewero a nkhondo a pa tebulo. Akuti wagula mabokosi awiri a tiasilikali tapulasitiki ta 28mm (msinkhu wa kamodzi) ta kampani ya Perry Miniatures, lina la Afalansa, lina la Angelezi a nthawi ya Napoleon, tonse pamodzi pafupifupi 80. Tebulo lake ndi lodyerapo, masentimita 150 m'litali, 90 m'lifupi. Wosewera naye ndi mmodzi, mlamu wake, ndipo mpata amaupeza Loweruka madzulo, maola awiri kapena atatu. Kusitolo anamulozera buku la malamulo a masewerowa la Black Powder, pa intaneti ena akuti Sharp Practice, ena akuti Blücher. Chimene mtima wake ukufuna ndi kudzasewera Waterloo, nkhondo yomaliza ya Napoleon. Funso lake ndi lakuti agule buku liti.

Achimwene, choyamba bisani guluu. Musamate kamsilikali ngakhale kamodzi pa kathabwa koimikapo, kamene osewera amati base, mpaka mutadziwa malamulo amene mutsatire. Chifukwa chake ndichifotokoza kumapeto, koma ndayamba nacho popeza ndi pamene oyamba kumene ambiri amatayira ndalama ndi miyezi ya ntchito.

Mabuku atatu mwatchulawo onse ndi abwino ndipo onse amaseweretsa nkhondo za Napoleon. Amasiyana pa udindo umene amakupatsani pa tebulo. Mu Sharp Practice ndinu kaputeni, muli ndi masajeni awiri atatu ndi anthu makumi angapo, mukulimbirana mlatho kapena nyumba ya pafamu. Mu Black Powder ndinu jenerale wa mabataliyoni angapo, kapena khumi ndi kupitirira. Mu Blücher ndinu Napoleon kapena Wellington, mkulu wa asilikali a Angelezi, mwini wake, ndipo chidutswa chimodzi pa tebulo ndi brigade yathunthu ya anthu zikwi ziwiri kapena zitatu. Buku lililonse linalembedwa poganizira udindo umodzi, chiwerengero china cha tiasilikali ndi tebulo la kukula kwina. Mukalikakamiza pa zimene silinalembedwere, limaoneka ngati loipa pamene vuto si bukulo.

Tiyeni tiwerengere Black Powder, popeza ndi limene mwatsala pang'ono kugula. Analilemba Rick Priestley ndi Jervis Johnson, linatuluka ku Warlord Games mu 2009 ndipo linakonzedwanso mu 2018. Bataliyoni wamba imakhala ndi tiasilikali 24. Mukatiika tinayi pa base ya 40mm kwa 40mm, ma base 6 pamzere amatenga masentimita 24. Mabokosi anu awiri ndiye kuti akukupatsani bataliyoni imodzi ndi theka mbali iliyonse. Masewero amayamba kukoma mbali iliyonse ikakhala ndi ma brigade awiri kapena atatu, iliyonse ya mabataliyoni atatu kapena anayi, kuwonjezapo apakavalo ndi mizinga. Apa tikukamba za tiasilikali 150 mpaka pafupifupi 300 mbali imodzi. Yunifolomu za nthawi imeneyo zili ndi malamba oyera opingasa pachifuwa, makolala ndi mapindiro a mitundu, mabatani, chikwama ndi bulangete lokulunga pamsana. Woyamba kumene ola limodzi limamuthera pa kamsilikali kamodzi. Chulukitsani nokha.

Vuto lalikulu kuposa penti ndi tebulo. M'malamulowa mukapereka lamulo kwa asilikali mumaponya madayisi awiri n'kuyerekeza ndi nambala ya luso la jenerale, imene kawirikawiri ndi 8. Mukapeza 8 kapena 7 gululo limayenda kamodzi, mukapeza 6 kawiri, mukapeza 5 kutsika m'munsi katatu. Mukapitirira 8 lamulo silinamveke ndipo jenerale ameneyo watha pa raundi imeneyo. Mukapeza 12 pamachitika chisokonezo, gululo likhoza kulowera kumene simunalitume. Oyenda pansi amayenda mainchesi 12 ulendo umodzi, ndiye maulendo atatu ndi mainchesi 36, kapena kuti masentimita 91. Tebulo lanu m'lifupi ndi 90. Dayisi ikangogwa bwino, Afalansa adutsa tebulo lonse pa raundi yoyamba mlamu wanu asanagwire kanthu. Mfuti ya gogodera m'malamulowa imafika mainchesi 18, theka la tebulo lanu, pamene mzinga wa oyenda pansi umafika 48, kutuluka kunja. Palibe malo obisa gulu kumbuyo, palibe mpata wozungulira mdani chakumbali, ndipo zimenezi ndiye mtima wa nkhondo za nthawi imeneyo. Olembawo ankasewera pa matebulo aakulu kwambiri, a m'nyumba za anthu okhala ndi tiasilikali zikwi. Ambiri amene ali ndi tebulo la masentimita 180 kwa 120 amadula miyeso yonse kuti itsale magawo awiri mwa atatu: kuyenda 8, mfuti 12, bataliyoni ya 16. Zimathandiza, koma pa 150 kwa 90 mudzapanikizikabe.

Nanga Waterloo? Pa 18 June 1815 Napoleon anali ndi asilikali pafupifupi 72,000, Wellington pafupifupi 68,000, ndipo pofika madzulo Aprussia pafupifupi 50,000 anali atalowa m'nkhondoyo kumbali ya Wellington. Ngati tiasilikali 24 tikuimira bataliyoni ya anthu 600, kamodzi ndi anthu 25. Afalansa okha afuna tiasilikali pafupifupi 2,900. Mzere wa Wellington unali wotalika pafupifupi makilomita 4, ndipo pa muyeso umenewu tebulo liyenera kupitirira mamita 5. Walira mvula walira matope: Waterloo ya 28mm ndi ntchito ya kalabu yathunthu ndi holo, osati ya anthu awiri pabalaza.

Komatu Waterloo mukhoza kuisewera, mukangovomera kukhala pa mpando wa Napoleon m'malo mwa wa kaputeni. Blücher, ya Sam Mustafa ya mu 2015, inalembedwera zimenezo. Simusamala za bataliyoni kuti yaima pamzere kapena yapanga bwalo la ngodya zinayi. Zimenezo ndi za akuluakulu a m'munsi mwanu. Inu mumasamala kuti gulu lalikulu liti lilowe liti, ndi loti lisungidwe. Chimene ndimachikonda kwambiri m'malamulowa ndi ichi: mnzanu ndiye amaponya madayisi a mphamvu yanu yoyendetsera magulu, n'kuwavindikira ndi kapu. Inu mumayendetsa magulu osadziwa kuti mwatsala ndi zingati, mpaka iye atavundukula kapu n'kunena kuti basi, mwamaliza. Mumakakamizika kuyamba ndi chofunika koposa. Miyeso yonse ndi ya m'lifupi mwa base, choncho mukachepetsa base, nkhondo yonse imachepa mofanana n'kukwana pa tebulo lanu. Palinso paketi ya makadi yotchedwa The Hundred Days, ya magulu a nkhondo ya 1815, imene mungaseweretse popanda kupenta kanthu. Mukadzafuna tiasilikali pamenepo, gulani ta 6mm kapena 10mm. Ta 28mm pa base ya brigade mumangoikapo tisanu kapena tisanu n'kamodzi, ndipo m'maso sizioneka ngati khamu.

Pa zimene muli nazo m'manja lero, yankho langa ndi Sharp Practice ya kampani ya TooFatLardies, yokonzedwanso ya 2016, osati yoyamba ya 2008. Gulu la oyenda pamzere ndi tiasilikali 8, gulu la owombera momwazikana kutsogolo ndi 6, ndipo atsogoleri amaima paokha. Magulu atatu a 8, limodzi la 6 ndi atsogoleri atatu kapena anayi, zonse sizipitirira 34. Bokosi limodzi lakwana mbali imodzi, ndipo mutsala ndi wonyamula mbendera ndi woimba ng'oma. Mukapenta tisanu pa sabata, miyezi itatu ndi theka mbali zonse ziwiri zatha. Mukagawana ndi mlamu wanu, miyezi iwiri sikwana.

Kaseweredwe kake nkotere. Mtsogoleri aliyense ali ndi khadi lake, kapena kachizindikiro kamene mumaponya m'kathumba. Mumatulutsa limodzilimodzi, ndipo mtsogoleri amene watuluka ndiye amalamula anthu ake, malinga ndi kukula kwa udindo wake. Mumulumo mulinso makadi a mbendera a mbali iliyonse, amene mumasunga kuti muwonjezere mphamvu pa nthawi yoyenera, ndi khadi limodzi lotchedwa Tiffin limene likatuluka raundi yatha. Kuwomberana sikumangopha anthu, kumaunjikanso mantha pa gulu, amene bukulo limati Shock. Mfundo ziwiri za Shock zimachotsa dayisi imodzi powombera, ndipo mfundo iliyonse imadula inchi imodzi poyandikira mdani. Shock ikaposa chiwerengero cha anthu otsala, gulu limabwerera m'mbuyo. Ikafika kawiri, lathawa. Ntchito ya sajeni wabwino ndi kuchotsa Shock. Ndiye nthawi zonse muli pamphambano: kodi mtsogoleriyu awombetse, ayendetse, kapena akhazike anthu mtima pansi? Kumbuyo kwa gulu lililonse ikani kadayisi kakang'ono ka mtundu wina kowerengera Shock, kuti kasasokonekere ndi madayisi oponya.

Zovuta zake ndikuuzeninso. Masewero awiri atatu oyamba adzakutengerani maola opitirira atatu chifukwa chotsegulatsegula buku, makamaka pa malamulo ophatikiza magulu kukhala mzere umodzi. Chachiwiri, Tiffin ikhoza kutuluka kaputeni wanu asanatuluke, kawiri kotsatizana, anthu anu n'kumangoima akuwomberedwa. Makadi a mbendera amene simunagwiritse ntchito amakulolani kuyendetsa magulu ena raundi ikatha, koma sachotsa ululu wonse. Pali anthu amene zimenezi zimawasangalatsa chifukwa nkhondo yeniyeni inali yotero, malamulo ankachedwa kapena kusochera mu utsi wa onga. Pali ena amene zimawakwiyitsa zedi. Mlamu wanu ngati ali munthu wokonda chess, wofuna kuti chilichonse chiyende monga wakonzera, dziwiranitu zimenezi musanagule. Malamulo amene mnzanu mmodzi yekhayo sawakonda ndi malamulo amene simudzasewera.

Sharp Practice nayo imakonda tebulo la 180 kwa 120, ndipo mfuti imafika mainchesi 24, masentimita 61. Pa tebulo lanu sewerani cham'litali, wina kumutu wina kumiyendo, ndipo mudzaze pakati ndi zotchinga maso: nyumba ziwiri kapena zitatu, mpanda wamiyala, munda wa mitengo, kamtsinje. Nkhondo ya ku Spain ndi Portugal ya 1808 mpaka 1814 ndi yoyenera mabokosi anuwo, ndipo nyumba zake zoyera za madenga ofiira n'zosavuta kupanga ndi katoni. Tebulo lopanda zotchinga limasandutsa masewerowa kukhala mpikisano woponya madayisi basi. Ndipo musamasewere zongophana mpaka wina athe. Ikani cholinga: kulanda ngolo ya chakudya, kupulumutsa kazitape, kugwira mlatho kwa maraundi angapo.

Musanatulutse ndalama, yesani ndi katoni. Dulani timakona ta kukula kwa ma base, lembanipo dzina la gulu ndi chiwerengero, yalani pa tebulo lanu lenilenilo, tengani tepi yoyezera muone kuti raundi imodzi ikudya malo ochuluka bwanji. Valour & Fortitude, ya Jervis Johnson pamodzi ndi abale awiri a Perry, eni ake a Perry Miniatures, ndi yaulere pa tsamba la Perry Miniatures ndipo ndi ya masamba ochepa; idzakulawitsani udindo wa jenerale wa mabataliyoni popanda kugula kanthu. Mukaona kuti udindo umenewo ndiwo ukukukomerani, yang'anani Lasalle ya Sam Mustafa yemweyo, yokonzedwanso mu 2021, imene bataliyoni yake ndi ma base anayi ndipo imayeza ndi m'lifupi mwa base ngati Blücher. Ndipo poti muli ku Leeds, pitani ku kalabu ya masewerawa usiku umodzi mukaone zimene anthu akusewera. Ambiri amabwereketsa asilikali kwa mlendo. Buku limene anthu khumi a pafupi nanu amalidziwa limaposa buku labwino kwambiri limene mukulidziwa nokha. Pogula la kaunjika onetsetsani chaka, chifukwa mabuku oyamba a Black Powder, Sharp Practice ndi Lasalle amagulitsidwa motchipa koma sagwirizana ndi zimene anzanu akutsatira.

Tsopano za guluu zija. Sharp Practice imachotsa ophedwa kamodzikamodzi, choncho imafuna kamsilikali kalikonse pa base yake. Black Powder, Valour & Fortitude ndi Lasalle zimayenda bwino ndi tinayi kapena tisanu n'kamodzi pa base imodzi. Guluu wa pulasitiki amasungunula mbali zonse ziwiri kuti zikhale chinthu chimodzi, ndiye mukamata tinayi pa base ya pulasitiki, pochotsa mumathyola akakolo, kapena mpeni umaterereka n'kudula phazi. Njira yotetezeka ndi iyi: matani kalikonse pa washala wachitsulo wa 20mm ndi supagulu pang'ono, atsogoleri pa wa 25mm kuti azidziwika msanga. Mchenga ndi udzu wa pamwamba matani ndi guluu woyera wa matabwa, amene amafewa mukaviika m'madzi. Kenako dulani timatabwa ta 40mm kwa 40mm, matanipo pepala la maginito. Mawashala anayi a 20mm amakwana ndendende pa kathabwa kamodzi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Loweruka lino tiasilikali tiyenda patokhapatokha mu Sharp Practice; chaka chamawa, mabokosi akachuluka, tomweto tidzakwera pa timatabwa n'kukhala bataliyoni ya 24. Pogula mawashala tengani maginito m'thumba muyesere pomwepo, chifukwa ena a chitsulo chosachita dzimbiri sagwira.