Mgwirizano wowoloka malire: muyambire pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito m'bungwe laling'ono lothandiza anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Mumzinda mwawo mwachuluka anthu ochokera kudziko loyandikana nalo, ndipo akufuna kugwirana manja ndi bungwe la tsidya lina la malire kuti alendowo akhazikike bwino. Akufunsa kuti ayambire pati, ngati n'kofunika kusainirana kaye pangano, komanso kuti atani ndi eni dera amene ayamba kung'ung'udza kuti thandizo lonse likupita kwa obwera.

Mayi, zikomo polemba. Za panganolo ndiyankhe msanga: lidikire kaye. Mapangano alipo kale, akuluakulu ndithu. Mu Disembala 2018 mayiko anakumana ku Marrakech m'dziko la Morocco n'kuvomereza Global Compact for Migration, chikalata cha zolinga 23 zokhudza anthu osamukira kumayiko ena. Cholinga cha 16 chimakamba za kukhalirana bwino pakati pa obwera ndi eni dera, cha 18 chimakamba za kuvomereza maphunziro ndi luso la munthu akafika kudziko lina. Mawu ake ndi okoma, koma sakakamiza boma lililonse mwalamulo, ndipo palibe mwana amene anapezapo malo kusukulu chifukwa chongowatchula.

Ine ndikanati muyambe ndi vuto limodzi lokha lomwe simungalithetse muli mbali yanu yokha ya malire. Nthawi zambiri vutolo ndi mapepala. Taganizirani mtsikana wa zaka 12 amene wafika ndi amayi ake. Aphunzitsi aakulu akufuna kalata yochokera kusukulu yake yakale ndi lipoti la mayeso, koma zonsezo zinatsala. Mwanayo amubweza makalasi awiri, kapena angokhala pakhomo chaka chonse. Tsono tiyerekeze kuti muli ndi mnzanu tsidya linalo amene angapite kusukulu yakaleyo, kutenga kalata yodinda, kuijambula n'kukutumizirani pa WhatsApp, ndipo inu munagwirizana kale ndi aphunzitsi aakuluwo kuti chithunzi chikwanira poyembekezera kalata yeniyeni. Mwanayo alowa m'kalasi sabata yomweyo. Mukachita zimenezi kangapo mudzadziwa ngati mnzanuyo amayankha foni komanso ngati amasunga mawu ake, zomwe msonkhano wa muhotela sungakuuzeni.

Kwa akuluakulu nkhani ndi yomweyo, kungoti imapweteka kwambiri. Namwino wa zaka zambiri pantchito amapezeka akukolopa m'nyumba za anthu chifukwa setifiketi yake palibe woivomereza. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la Council of Europe linayambitsa European Qualifications Passport for Refugees, chikalata cha maphunziro cha othawa kwawo, mu 2017: akatswiri amaona mapepala amene alipo, amamufunsa munthuyo mafunso, n'kulemba chikalata chofotokoza zomwe anaphunzira. Sichilowa m'malo mwa setifiketi, koma wolemba ntchito amakhala ndi poyambira. Germany nayo, kudzera mu pulogalamu ya Triple Win yomwe inayamba mu 2013, imatenga anamwino kumayiko monga Philippines, Tunisia ndi Bosnia and Herzegovina, ndipo amayamba kuphunzira Chijeremani asananyamuke. Apa pali phunziro kwa inu: kukhazikika kwa munthu kumayamba asanakwere basi. Mnzanu wa tsidya lina angawauze anthu zoona za malamulo, nyumba ndi ntchito akadali kwawo, asananamizidwe ndi madobadoba. (Kunena zoona, nkhani ya anamwino imandisowetsa mtendere, chifukwa dziko lomwe linawaphunzitsa limatsala ndi zipatala zopanda anthu. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mfundo zoyendetsera kalembedwe ka ogwira ntchito zaumoyo ochokera kunja mu 2010.)

Chenjezo limodzi, ndipo ili musalinyozere. Wobwera kudzafuna ntchito ndi wothawa nkhondo kapena chizunzo ndi anthu osiyana. Ngati ena mwa amene mumawathandiza anathawa boma la kwawo, dzina lawo lisawoloke malire popanda chilolezo chawo, ngakhale likupita kwa mnzanu wodalirika. Abale awo amene anatsala ndiwo angalowe m'mavuto.

Tsopano za kung'ung'udza kwa eni dera. Musathamangire kuwatcha atsankho. Mayi amene wadikira pamzere kuchipatala kuyambira m'mawa, n'kuona galimoto ya bungwe ikutenga mlendo kupita naye kwa dokotala, ali ndi chifukwa chokwiyira. Mkwiyo wotere ukasiyidwa umakula, ndipo andale amautola. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra mumzinda wa Johannesburg n'kufalikira m'madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali mbadwa za South Africa momwemo.

Uganda inasankha njira ina. Lamulo lake la 2006 limalola othawa kwawo kugwira ntchito ndi kuyenda momasuka, amapatsidwa malo olima, ndipo boma limafuna kuti pafupifupi 30 peresenti ya thandizo izipindulira eni dera. Ku Bidi Bidi, komwe kunatsegulidwa mu 2016 kulandira anthu a ku South Sudan, sukulu ndi zipatala zimathandiza onse. Mikangano ya nkhuni ndi malo ilipobe, sindikubisa, koma mjigo ukakhala wa onse anthu amakangana za nthawi yotunga, osati za amene ayenera kuchoka. Ku Canada, mu 1979, anthu wamba anayamba kuloledwa kupanga gulu, ngakhale la anthu asanu, n'kutenga udindo wosamalira banja la othawa kwawo kwa chaka. Amene anakalandira banjalo pabwalo la ndege ndi kulipezera nyumba sakhala woyamba kunena kuti libwerere kwawo.

Choncho chilichonse chimene mungayambitse, kaya maphunziro a ntchito zamanja kaya thandizo la zamalamulo, chitseko chikhale chotsegukira onse, ndipo m'komiti mukhale eni dera komanso obwerawo. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikaoneka ngati mlendoyo amangoitanidwa kudzalandira katundu ndi kujambulidwa. Magulu amene obwerawo anapanga okha, a mapemphero kapena othandizana pamavuto, nthawi zambiri ali kale ndi manambala a foni a mbali zonse ziwiri za malire. Yambani mwawafunsa iwowo musanafufuze bungwe pa intaneti.

Pakatha miyezi ingapo mukugwira ntchito limodzi, ndiye lembani pangano, tsamba limodzi kapena awiri. Litchule amene adzayankha mafunso mbali iliyonse ndi womulowa m'malo akachoka, mmene mudzasungira zinsinsi za anthu, ndi amene adzagwira ndalama. Pa ndalamapo musachite manyazi, chifukwa mbali yomwe ili ndi thumba imayamba kulamula mosazindikira, inayo n'kusanduka yongotumidwa. Mulembenso chomwe mudzachite thandizo la opereka ndalama likadzatha, poti mapulojekiti ambiri amakhala a zaka ziwiri kapena zitatu pomwe anthu akuwolokabe.