Chingwe ndalowetsa koma intaneti ziii: mafunso anu pa ma driver a Ethernet

FUNSO: Zikomo a mlembi. Ndasonkhanitsa ndekha kompyuta, motherboard yake ndi yatsopano ndipo pa bokosi analemba kuti ili ndi 2.5G LAN. Ndaikamo Ubuntu 20.04 yomwe ndinali nayo kale pa fulashi, chingwe ndachilowetsa ku rauta koma intaneti palibe, ku settings sikukuoneka chilichonse cha waya. Mnzanga akuti khadi ndi lakufa ndikabweze. Nditani?

YANKHO: Musabweze kaye achimwene, mnzanuyo wafulumira. Khadi la netiweki la pa motherboard ndi kachipu kakang'ono komwe nthawi zambiri amapanga ndi a Realtek kapena a Intel, osati kampani yomwe dzina lake mwaliwerenga pa bokosi ija, ndipo system siyingalankhule nako popanda driver, amene ali ngati womasulira pakati pa awiriwa. Pa Linux, monga Ubuntu yanuyo, ma driver ambiri amabwera ali kale mkati mwa kernel, yomwe ndi mtima wa system, ndiye funso lenileni ndi loti kodi kernel yanu ndi yakale kuposa kachipuko?

Tsegulani terminal mulembe lspci -nnk, muyang'ane mzere wa Ethernet controller. Kumapeto kwake kuli manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho, yoyambayo ndi ya kampani, 10ec ndi Realtek pomwe 8086 ndi Intel, yachiwiriyo ndi ya kachipu. Ngati khadi lili ndi driver yogwira ntchito, mmunsi mwake payenera kukhala mzere woti Kernel driver in use. Ine ndikuganiza kuti mupeza 10ec:8125, kutanthauza RTL8125, chifukwa ndi komwe kadzadza pa ma motherboard a 2.5G. Ubuntu 20.04 idatuluka mu April 2020 ndi kernel 5.4, pomwe mtundu wa RTL8125B unayamba kuzindikiridwa ndi driver ya r8169 kuyambira kernel 5.9. Mwaona pomwe pagona nkhani eti? Khadi lili moyo, kungoti system yanu inabadwa lisanabwere.

Njira yosavuta, yomwenso ine ndingachite, ndi kungoika Ubuntu yatsopano, 22.04 inabwera ndi kernel 5.15 ndipo 24.04 ndi 6.8, zonsezi zimalidziwa khadilo popanda kuchita kalikonse. Komanso 20.04 thandizo lake lanthawi zonse linatha mu 2025, ndiye palibe chifukwa choikakamira pa makina atsopano. Ngati pali pulogalamu yomwe ikukumangani pa 20.04, ikani kernel ya HWE, yomwe ndi kernel yatsopanoko imene Ubuntu imapereka pa mtundu womwewo. Mufunsa kuti ndidawuniloda bwanji intaneti ilibe, aaa apa foni ya Android ikupulumutsani, ilumikizeni ndi chingwe cha USB muyatse USB tethering, Linux imaiona ngati khadi lina la netiweki nthawi yomweyo.

Mukafufuza muona anthu akuti tengani driver ya r8125 kwa a Realtek eniake muipange compile. Imagwira ndithu, koma ine sindiikonda ngati njira yoyamba, chifukwa kernel ikangosintha pa update intaneti imatha kuzimanso pokhapokha mutaiika kudzera mu DKMS, pulogalamu yomwe imapanganso driver yokha kernel ikasintha, ndipo ngati Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta, ndi yoyatsa system imakana driver yosasainidwa, ndiye mumapezeka mukulimbana ndi mavuto awiri mmalo mwa limodzi.

FUNSO: Ndinafufuta zonse mu kompyuta ndikuikanso Windows, pano ku Device Manager kuli kachizindikiro kachikasu pa Ethernet Controller. Ndaona mapulogalamu oti amakupezera ma driver onse okha, kodi ndi abwino? Ndine mayi wongophunzira kumene izi.

YANKHO: Mapulogalamu amenewo asiyeni mayi, ambiri amabwera ndi zotsatsa komanso zinthu zina zomwe simunapemphe, enanso amakuikirani driver yolakwika kenako nkumakuuzani kuti mulipire kuti akonze. Ntchitoyi mutha kuigwira nokha.

Dinani batani lakumanja la mausi pa Ethernet Controller ija, mupite ku Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Muona zolemba ngati PCI\VEN_10EC&DEV_8168. VEN ndi kampani, manambala ake ndi omwe aja ndatchula pamwambapa, kuonjezerapo 14E4 ya Broadcom, ndipo DEV ndi kachipu, 8168 ndi Realtek ya gigabit yofala kwambiri ija. Mukadziwa zimenezi pitani pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopu kapena motherboard yanu, pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, mulembe model yake, mutenge driver ya LAN yogwirizana ndi Windows yanu, muisamutse pa fulashi basi. Ngati fayilo ilibe setup koma muli ka .inf, bwererani ku Device Manager musankhe Update driver mulozere foda imeneyo.

Ena zimawagwira asanamalize nkomwe kuika Windows 11, pomwe imafuna intaneti koma khadi siyikuliona, makamaka la 2.5G. Pamenepo Shift ndi F10 zimatsegula command prompt ndipo lamulo la pnputil lomwe mumalemba mmenemo limatha kuika driver kuchokera pa fulashi. Chinanso, ngati Windows yomwe mwaikayo ndi 7, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 January 2020 ndipo tchipu tambiri tatsopano tilibe driver ya 7 ngakhale mufufuze usiku wonse.

FUNSO: Ndikufuna kusandutsa kompyuta yakale kukhala rauta ndi pfSense, ndiye ndikufunika khadi lachiwiri. Ndigule la Intel kapena la Realtek? Liwiro analemba lofanana.

YANKHO: Intel, osaganizanso kawiri. pfSense ndi inzake OPNsense, ma system opangira rauta, zonse zinamangidwa pa system ina yotchedwa FreeBSD osati Linux, ndiye kuti khadi likuyenda bwino pa Ubuntu sizitanthauza kuti liyendanso chimodzimodzi kumeneko. Ma driver a Intel a pa FreeBSD, em, igb ndi igc, ndi okhwima, pomwe driver ya re ya Realtek ili ndi mbiri yomalemba watchdog timeout, kutanthauza kuti khadi lasiya kuyankha, data ikachuluka pa chingwe, netiweki nkuduka, ndipo rauta ndi makina oti azigwira usana ndi usiku. Funani khadi lokhala ndi kachipu ka I210 kapena I350, ndipo likafika lilowetseni muone ngati nambala ya kampani ikuonetsadi 8086 musanataye bokosi lake.