Ndikalozera kumanzere mbali zonse zikuphethira, alakwitsa pati?

FUNSO: Achimwene, ndili ndi kapikapu kakale ka Hilux komwe ndimanyamulira matimati. Swichi ya mahazadi inafa, ndazungulira mashopu a ku Biwi yofanana nayo osaipeza, ndiye mnyamata wina wa zamagetsi anandiikira swichi wamba. Pano ndikayatsa indiketa ya kumanzere mbali zonse zikuphethira, komanso mahazadiwo akumayaka pokhapokha kiyi ali on. Ndipange bwanji? Wowerenga wa ku Area 25.

YANKHO: Bambo, mnyamatayo anangotenga waya wa kumanzere ndi wa kumanja nkuwamanga pa phazi limodzi la swichi, basi mawaya awiriwo asanduka amodzi, moto ukalowa uku ukutulukiranso uko ngakhale swichiyo ili off. Motowo anautenganso pa waya wa ignition, pomwe mahazadi amayenera kudya kuchokera ku batire mwachindunji. Tangoganizani galimoto yakuferani usiku pa M1 cha ku Kanengo, mwazimitsa injini mwachotsa kiyi, mathiraki akubwera kumbuyo, ndiye muzidalira nthambi za mitengo zoyala pamsewu zija?

Bwererani ku Biwi komweko mukagule ma relay (timaswichi toyatsidwa ndi magetsi) awiri a 12V a mapini anayi, flasher (kachipangizo kochititsa mababu kuphethira) ina yapadera ya mapini atatu yotha kunyamula mababu anayi a 21W, fyuzi ya 15A ndi kanyumba kake. Musanagwire waya aliyense chotsani kaye theminolo ya negative pa batire, ndipo zomwe analumikiza mnyamata uja zimasulidwe zonse, maindiketa ayambe agwira bwino paokha.

Waya achoke pa positive ya batire adutse pa fyuzi, fyuziyo ikhale pafupi ndi batire penipeni osati kutali uko pansi pa dashibodi, kenako akalowe pa pini 49 ya flasher. Pini 31 ndi ethi, imangeni pa bodi pamalo popala bwino opanda penti kapena dzimbiri. Pini 49a ndi yomwe imatulutsa moto wophethira uja, imeneyo ipite pa pini 30 ya ma relay onse awiri. Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani: 87 ya relay yoyamba ipite ku waya wa maindiketa a kumanzere, 87 ya inayo ku waya wa kumanja, iliyonse kwake, moti swichi ikakhala off mbali ziwirizi sizikumana paliponse. Mapini a koyilo ya ma relay, a nambala 85 onse ku ethi, a 86 onse ku swichi, swichiyo itenge moto pa waya wotuluka ku fyuzi yomwe ija.

Wina akuuzani kuti relay imodzi ya mapini asanu yokhala ndi 87 awiri ikukwana, mupulumutsa ndalama. Samalani, zambiri mwa zimenezo ma 87 awiriwo ndi olumikizana kale mkati, mubwereranso pa vuto lomweli.

Nanga relay ndi yachani poti swichi ilipo? Mababu anayi a 21W ndi 84W, kuphatikiza tiwiri tam'mbali ta 5W tija ndi 94W, pa 12V ndi pafupifupi 8A. Tiswichi totchipa tambiri sitipirira moto wotere, timatentha nkusungunuka, pomwe koyilo ya relay imangofuna kamoto kochepa kwambiri, ntchito yolemetsa nkumagwira relay. Waya wakenso asakhale kaja kowonda ka maspika, gulani wa 1.5mm² kapena wokulirapo, polumikiza pawotcheredwe kapena pafinyidwe ndi matheminolo, zopota ndi mano nkukulunga tepi zija ayi.

Mukamayatsa mahazadi kandodo ka indiketa kazikhala pakati, kuti moto usabwerere ku flasher yakale. Akamaphethira mothamanga ngati akuthawa ngongole ndiye kuti babu lina lapsa, kapena munaika mababu a LED pa flasher ya mababu wamba. Liwiro loyenera ndi ka 60 mpaka 120 pa mphindi, imani kumbuyo ndi wotchi ya pafoni muwerenge kiyi ali m'thumba.