Funsani Akatswiri: Kusalaza Malo a M'phiri

Funso: Chigumula cha Freddy chitatichotsa kudambo mu 2023, amfumu anandipatsa malo otsetsereka cha ku Chididi. Ndingayambe kusalaza ndi kumanga? — Wowerenga, Nsanje

Yankho: Dikirani kaye bambo. Amfumu akupatsani malo, koma chilolezo cha chitukuko chimachokera kukhonsolo, malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016. Pitani kukhonsolo ya Nsanje ndi kalata ya amfumu, mapu a malowo ndi pulani ya nyumba. Akuuzeninso ngati malowo sanalowe m'nkhalango yotetezedwa ya Matandwe, kumeneko musayerekeze.

Pokumba ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amagumula kumtunda, n'kutayira dothi kumunsi, kenaka n'kumanga pa dothi lothiralo. Mvula ikabwera limatitimira, khoma n'kung'aluka. Maziko afike pa nthaka yolimba yachilengedwe. Dothi lothira lizitsenderedwa masentimita 15 aliwonse, lili lonyowa pang'ono.

Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi, koma osawalozetsa kwa mnansi. Khoma lotchinjiriza dothi likhale ndi mabowo otulutsa madzi pa mita iliyonse, miyala kumbuyo kwake; popanda mabowowo madzi amalikankha mpaka kugwa. M'mizere yopingasa dzalanimo udzu wa vetiva.