Girizi wa kopa pa manati a matayala: tipake kapena ayi?

Bambo wina woyendetsa Toyota Sienta pakati pa Lilongwe ndi Dedza wanditumizira imelo. Akuti tayala litaphulika, manati anakana kumasuka mpaka anachita kuponda sipanala ndi phazi, ndiye makaniko wawo wawauza kuti azipaka girizi wa kopa, uja amati anti-seize. Akufunsa ngati zili bwino, komanso ngati angathire yemweyo m'mabering'i.

Achimwene, pa manati a matayala musapake. Mukamamanga nati, mphamvu yambiri imathera pa kukhulana kwa zitsulo, yochepa chabe ndiyo imakoka bawuti. Mukapaka girizi nati imaterera, ndiye dzanja lanu lomwelo limakoka bawuti mopyola muyezo, imatanuka, tsiku lina n'kuthyoka muli pa liwiro. Muyezo wa mphamvu yomangira nati wa 103 Nm womwe a Toyota amalemba pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi wa bawuti youma. Pa za manati anu okana kumasukawo, ineyo ndikukayikira anyamata omata matayala aja, amene amalumikiza paipi ku sipanala n'kudumphirapo. Chotsani dzimbiri ndi burashi ya waya, mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomwe mukumangira, basi.

Girizi wa kopa ali ndi malo ake. Muli tizidutswa ta mkuwa tomwe timatsalira mafuta akapsa, n'chifukwa chake amathandiza pa mabawuti a ekizozi. Amathandizanso pakati pa habu, pomwe rimu ya aluminiyamu imamatirira ku chitsulo nthawi ya dzinja. Pakani pang'ono ndi chala, osati kumata ngati mukuzira nyumba. Pa mapulagi musavutike, a NGK eni akewo amaletsa chifukwa mapulagi awo amabwera atakutidwa kale.

M'mabering'i ndiye ayi ndithu. Tizidutswa timeneto si ta chinthu chozungulira mothamanga. Gulani girizi wa lithium wolembedwa NLGI 2, ndipo musasakanize ndi wakale amene simukumudziwa mtundu, chifukwa ena akakumana amasungunuka n'kuchucha. Kudzaza mpaka pakamwa nakonso kumatenthetsa bering'i, a zigayo amvenso pamenepa. Mabering'i ambiri a magalimoto a masiku ano ndi otsekeratu, akayamba kulira mungosintha.

Chomwe simunafunse ndi mabuleki. Girizi wamba amatupitsa timalabala ta mkati mwa kalipa, chitsulo chopanikiza mapadi a mabuleki, pisitoni n'kuyamba kugwira. Pamenepo pamafunika wa silicone kapena wofiira uja wa labala.