Diso lopsa ndi laimu: bwanji madokotala sakufulumira kusintha cornea?

Mayi wina watitumizira imelo, ndipo funso lawo mwachidule ndi ili: "Laimu anawagwera amuna anga m'diso lakumanja ali pantchito, miyezi itatu yapitayo. Panopa disolo layera ndipo sakuona. Tinamva kuti cornea imasinthidwa, koma adokotala akuti tidikire kaye. Kodi sakungotizengereza? Nanga opaleshoni yake imakhala yotani?"

Mayi, sakukuzengerezani ayi. Cornea ndi gawo loonekera ngati galasi la kutsogolo kwa diso, lomwe kuwala kumadutsapo. Cornea yatsopano ikaikidwa lero m'diso limenelo, mwayi ndi waukulu woti pakatha miyezi ingapo idzayeranso. Vuto lenileni lili m'mphepete mwa cornea, osati pakati pomwe mukuona kuyerapo.

Laimu, simenti, amoniya ndi caustic soda zili m'gulu la alkali. Asidi, monga wa mu batire, amaumitsa pamwamba pa diso, ndipo kuumako kumamutchinga kuti asalowe kwambiri. Alkali amasungunula maselo n'kumalowerabe mkati. Laimu ali ndi vuto linanso: timibulu take timabisala kunsi kwa chikope chakumwamba n'kumawotchabe. N'chifukwa chake tsiku loyamba diso limatsukidwa ndi madzi ambiri kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, chikope n'kutembenuzidwa kuti timibuluto tichotsedwe, mpaka kapepala koyezera pH (muyeso wa asidi ndi alkali) kaonetse pakati pa 7.0 ndi 7.4.

Pamalire pomwe choyera cha diso chimakumana ndi cornea pali kamzere kozungulira kotchedwa limbus. Pamenepa ndi pa nazale: mbande za maselo omwe amakuta cornea zimamera pamenepa n'kumayenda kulowera pakati, kulowa m'malo mwa akale omwe amasupuka tsiku ndi tsiku. Nazaleyi ikapsa, khungu la choyera cha diso limakwawira pa cornea pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi, ndipo kuwala sikudutsanso bwino. Cornea yopatsidwa ndi munthu wina imabwera yopanda nazale yake. Khungu lake lapamwamba likatha, palibe lolowa m'malo, pamatuluka chilonda chosapola, mitsempha imalowerera, thupi n'kuikana.

Madokotala amayeza kupsa kwa limbus potengera nkhope ya wotchi. Njira yomwe Dua ndi anzake anaifalitsa mu 2001 imawerenga kuti pa maola 12 a wotchiyo apsa ndi angati, komanso gawo la khungu la choyera cha diso lomwe laonongeka. Akapsa osaposa 6, diso nthawi zambiri limachira bwino. Akapsa onse 12, zinthu zimakhala zovuta kwambiri. Mukapitanso kuchipatala, funsani funso limeneli: apsa maola angati? Yankho lake likuuzani zambiri kuposa kuyera komwe mukuona.

Pa masabata oyambirira opaleshoni imachitika, koma cholinga chake chimakhala kupulumutsa diso kuti lisabooke, osati kubwezeretsa kuona. Yodziwika kwambiri ndi yoyala nembanemba yomwe imakuta mwana m'mimba, yotengedwa kwa mayi wobereka mwa opaleshoni amene wayezedwa HIV, hepatitis B ndi C komanso chindoko. Amaisokerera kapena kuimata pa diso, ndipo imachepetsa ululu ndi kutupa, koma siibweretsa maselo a limbus. Cornea ikabooka kabowo kosaposa mamilimita awiri, amamata ndi guluu wa cyanoacrylate. Bowo likakula, amasokapo chigamba cha cornea. Nthawi zina amasoka zikope pang'ono m'mbali kuti chilonda chipole chili chophimbidwa. Amuna anu ayenera kuti anadutsa kale siteji imeneyi.

Tsopano kudikirako. Maselo atsopano a limbus oikidwa pa diso lomwe likadali lofiira ndi lotupa amafa. Madokotala ambiri amadikira miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo nthawiyi siipita pachabe, chifukwa pali zoyenera kukonza kaye. Chipsera chikapinda chikope n'kuchititsa nsidze kukanda diso pakuphethira kulikonse, chikopecho chikonzedwe. Chikope chikamatirira ku diso, amachimasula n'kuyalapo nembanemba ija kapena kakhungu ka mkati mwa mlomo. Misozi ikhale yokwanira, chifukwa pa diso louma gwa palibe selo lomwe lingakhale moyo. Ndiye pali glaucoma, yomwe ife timaiopa kuposa zonsezi. Alkali amaononga njira zotulutsira madzi a m'diso, mphamvu ya madziwo n'kukwera, n'kumapha mtsempha woonera mwakachetechete kuseri kwa cornea yoyerayo. Cornea imasinthika, mtsempha umenewu ayi. Musadumphe tsiku lokayezetsa, ngakhale diso lisakupweteka.

Mwayi womwe amuna anu ali nawo ndi woti diso lakumanzere lili bwino. Maselo angatengedwe komweko, ndipo poti ndi awo omwe, thupi siliwakana. Kenyon ndi Tseng anafotokoza njira imeneyi mu 1989, koma ankatenga zidutswa zikuluzikulu, zomwe zinkapereka mantha oti diso labwinolo nalo lingaperewere maselo. Mu 1997 Pellegrini ndi anzake ku Italy anaonetsa kuti kachidutswa kakang'ono kangachulukitsidwe mu labotale kenako n'kuikidwa, koma njirayi ndi yodula ndipo imapezeka m'malo ochepa.

Yomwe yafala masiku ano ndi SLET, njira yodzala tizidutswa ta limbus pa diso lopsa, yomwe Sangwan ndi anzake a ku L V Prasad Eye Institute ku Hyderabad, India, anaifalitsa mu 2012. Pa diso labwino amadula kachidutswa ka limbus ka mamilimita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, kawirikawiri kumtunda kunsi kwa chikope. Pa diso lopsa amasenda khungu lachipsera lomwe lakuta cornea, n'kumata nembanemba ija ndi guluu wa fibrin. Kachidutswa kaja amakadula tizidutswa 8 kapena 10, n'kutiyala mozungulira pa nembanembayo, kupewa pakati penipeni pomwe munthu amaonera. Kalikonse amakadonthezera guluu, kenako n'kuphimba zonse ndi contact lens yofewa, kagalasi kovala pa diso penipeni. Pa masabata otsatira, kachidutswa kalikonse kamatambasula maselo mpaka akumanakumana n'kukuta cornea yonse.

Zomwe zimalephereketsa opaleshoniyi n'zodziwika. Contact lens ikagwa sabata yoyamba, kapena munthu akatikita diso, tizidutswa timayoyoka. Magazi akadzadza kunsi kwa nembanemba amaitukula. Chikope chomatirira chikasiyidwa osakonzedwa, chipsera chimayambiranso pomwepo. Ndipo diso lopereka liyenera kuyezedwa mosamala, chifukwa laimu amathovukira maso onse awiri nthawi zina, lina n'kupsa pang'ono osadziwika.

Pamwamba pakakhazikika, anthu ambiri amayamba kuona bwinoko osasinthidwa cornea n'komwe. Chipsera chikakhala chozama, ndi pamene kusintha cornea kumabwera, patapitanso miyezi ingapo. Gawo lamkati lenileni la cornea likakhala lamoyo, amasintha zigawo zakutsogolo zokha, ndipo kukanidwa kumachepa.

Kwa owerenga omwe maso onse awiri anapsa, nkhani imalimba. Maselo amachokera kwa m'bale kapena kwa womwalira, ndipo wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi monga tacrolimus ndi mycophenolate kwa zaka. Izi zikakanika pali cornea yapulasitiki, Boston keratoprosthesis, yomwe imafuna diso lonyowa ndi madontho a antibayotiki moyo wonse. Diso likauma kotheratu pali njira ya Strampelli ya m'ma 1960, yoika kagalasi m'dzino la wodwalayo n'kulidzala m'diso.

Pakadali pano, mayi, amuna anu asagule okha madontho a steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Pa cornea yachilonda angaisungunule mpaka kuboola, komanso amakweza mphamvu ya madzi a m'diso. Athiridwe pokhapokha adokotala akuyang'anira. Akamva ululu watsopano, diso likayamba kutuluka mafinya, kapena madzi ofunda akatuluka mwadzidzidzi diso n'kufewa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo pa ntchito iliyonse avale magalasi oteteza otseka m'mbali, chifukwa maselo onse ochiritsira diso lakumanja ali m'diso lakumanzerelo.